Thabwa Lofiira la a Florentino

A Florentino akhala akusenza katundu pa malire a Milange kuyambira ine ndisanabadwe. Matumba anga a nyemba amandiwolotsera ndi iwo kupita ku Muloza, ndipo ndimawatcha amalume ngakhale si abale anga. Akazi awo, mayi Deolinda, ali ndi chisakasa m'mbali mwa msewu, pomwe amagulitsa tiyi ndi zitumbuwa. Ogula awo enieni ndi antchito a m'minda ya tiyi ya ku Nyasalande, omwe amabwera panjinga Loweruka kudzafuna nsomba zouma kuno.

Amalume anaona kuti sitolo za tsidya lija zili ndi zolemba pakhomo, ndipo anthu amangodzaza. Mtsinje utasefukira mu Febuluwale, anatola thabwa lofiira m'mabango, la zilembo zoyera zisanu ndi chimodzi: DANGER. Analitsuka bwinobwino, nalikhomera pachisakasa kuti likope ogula. Atandifunsa tanthauzo, ndinati liyenera kukhala dzina la mzungu wina wa sitolo. Ku mishoni tinaphunzira Chipwitikizi, Chingerezi changa chimathera pa manambala.

Loweruka ndinawerenga njinga khumi ndi zinayi. Zinaima ziwiri. Enawo ankachepetsa liwiro, kuyang'ana thabwa, kuyang'ana denga, n'kupitirira. Mayi Deolinda anasintha nthochi za m'zitumbuwa, ketulo anaikwecha ndi mchenga. Amalume anati mwina thabwalo silikuoneka bwino, nalikweza pamwamba. Sabata yotsatira sinaime ndi imodzi yomwe, ndipo mayi anayamba kunena zopasula chisakasa.

Ndiye ndinathamangira a Germano, kalaliki wa kuminda ya tiyi, n'kuwagwirira njinga kumbuyo mpaka anatsika. Anati iwo sangakhale pansi pa denga limene eni ake alemba okha kuti ndi loopsa.

"Loopsa bwanji, achimwene?" ndinafunsa.

"Mawuwa ndi aja mumati perigo kunoku. Amawaika pa mlatho wothyoka."

Amalume anafunsa ngati Angerezi amatayadi utoto wabwino chonchi pa chinthu chothamangitsira anthu. A Germano anati inde, amatero.

"Abambo, chotsani chinthu chanuchi ndisanachisonkhezere pamoto," anatero mayi Deolinda.

Amalume anazula misomali, koma thabwalo anakalibisa m'nyumba. Loweruka lotsatira zinaima njinga zisanu ndi zinayi, zitumbuwa zinatha dzuwa lisanafike pamutu. Amalume sanakhutirebe. Akuti kalaliki uja analiyang'anitsitsa kwambiri thabwalo, mwina ankalifuna yekha.