Anandilira Maliro Ndili Maso

Pali chimene ndabisa kuyambira ndili mtsikana. Ndikaseka kwambiri, ndimagwa. Maondo amafooka, mutu umalendewera, pakamwa pamakana kutulutsa mawu. Sindikomoka ayi. Ndimamva zonse. Komanso tulo timandigwira masana paliponse, ngakhale ndili pakati polankhula. Amai ndi amuna anga okha ndiwo ankadziwa. Ndikulembera inu amene munabadwa pambuyo pake, makamaka iwe Taonga mwana wanga, udzawerenge ukadzakula.

Linali Loweruka, dzuwa lili pamutu. Ndinali ndidakali ku sekondale. Amai ankagulitsa tomato pamsika wa ku Chawama, ine ndinali nditagona pa saka kunsi kwa thebulo lawo. Ba Mwansa, amene ankatinyamulira katundu pa wilibala, anali atangotsitsa bokosi. Ankanditchula kuti ba Tulo. Anakankha phazi langa ndi nsapato yawo, nati, “Ba Tulo, ukani, mwafika ku Ndola.”

Kenaka mwala unagwera m’beseni la kapenta la mayi woyandikana nafe. Kapenta anamwazika. Mwala wina unagunda malata.

Anali anyamata a magulu awiri, akulimbirana siteshoni ya maminibasi. Zimenezo ndinazidziwa pambuyo pake. Panthawiyo ndinangomva malikhweru, ndi kuona zikwanje zikung’anima kumapeto kwa mzere wa makala.

Amai anakhuthulira tomato mu wilibala. Ba Mwansa anawapatsa zogwirira m’manja. Anati akukatenga akazi awo, amene ankakazinga vitumbuwa mbali ina ya msika, ndipo atipeza. Anathamangira kumene ena onse ankathawako.

Tinayamba kuthawa. Ndinene zoona, sindinali ndi mantha. Magazi ankathamanga, maso ali gwa. Ine amene aphunzitsi ankandimenya ndi dasitala chifukwa chosinza, tsiku limenelo ndinali patsogolo pa amai. Ndinalumpha ngalande osaiyang’ana n’komwe. Mumsewu munali mapatapata osiyidwa. Pa shopu yometera panalibe munthu, koma wailesi inkaimbabe.

Apolisi anafika. Utsi wokhetsa misozi unalowa m’tinjira. Unkayabwa ngati tsabola.

Pakona ya tchalitchi tinakumana ndi ba Phiri ogulitsa zovala zakale za salaula. Anali bambo onenepa, dikoni wa mpingo wathu. Anali atabereka kumsana chidole chawo chovekapo zovala zogulitsa, atachimanga ndi chitenje ngati khanda. Chinali chitavala pitikoti yokha. Miyendo yake inkawamenya m’matako akamathamanga.

Ndinaseka.

Ndinagwa chafufumimba. Tsaya langa linali pafumbi. Pafupi ndi diso langa panali chitsekerero cha botolo, ndipo mapazi a anthu ankandilumpha. Mayi wina, poganiza kuti andiwombera, anakuwa, “Bamushuta mwana!” Ndinafuna kunena kuti ndili bwino. Lilime linakana.

Patapita zaka, ndili ku koleji, dokotala anandifotokozera. Munthu aliyense akamalota, thupi lake limamangika kuti asachite zimene akulotazo. Kwa ine kumangikako kumalakwitsa nthawi, kumabwera ndili maso. Si khunyu, si zamizimu. Ndi matenda a tulo. Koma tsiku lija panalibe wodziwa zimenezo. Amai ankangodziwa kuti mwana wawo amagwa akaseka.

Anapendeketsa wilibala. Tomato anagubudukira m’ngalande. Anandinyamula m’khwapa, nandigoneka m’menemo pamwamba pa otsala ophwanyika. Anavula chitenje chawo chakunja, nandifunditsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

Mphamvu zinabwerera msanga, monga zimachitira. Ndinagwedeza dzanja. Amai anawerama ngati akukonza nsalu. “Ukanyang’anyako, nizakumenya,” anatero chapansipansi, kundiletsa kugwedezeka.

Sindinamvetse mpaka titayandikira njanji. Amalume ankakhala kutsidya kwake, ndipo kumeneko kunali bata. Koma anyamata anali atatseka njira ndi matayala oyaka. Ankabweza aliyense. Ndinamva bambo wina akupepesa, kenaka phokoso la thabwa pamsana.

Pamenepo amai anayamba kulira maliro. Anali mawu omwe aja ndinawamva pamene tinaika atate. “Mwana wanga ine! Mayo ine, mwana wanga!” Sanachepetse liwiro. Tayala la wilibala linkalira nawo, chifukwa ba Mwansa sankalithira mafuta.

Tinaima. Kudzera m’chitenje ndinkaona zithunzithunzi za anthu. Ndinamva fungo la mowa ndi mphira. Chitsulo chozizira chinakhudza chidendene changa, nsalu inatukuka pang’ono. Miyendo yanga inali yonyowa, yofiira ndi tomato. Ntchentche inatera pachala changa chachikulu. Sindinachigwedeze.

“Iwe, siya. Ni malilo aya,” anatero mmodzi. “Pitani, ba mami.”

Wilibala inanyamuka m’mwamba kutsogolo. Mmodzi wa iwo anatithandiza kuidumphitsa njanji. Amai akuti mnyamatayo anayamba wavula chipewa.

Tsono apa pali chimene amai sanandikhululukire mpaka lero. Iwo akulira, akukankha, thukuta lili kamukamu, ine ndinagona. Tulo teniteni. Ndinalota ba Phiri akubatiza chidole chawo.

Ndinadzuka ndi kulira kwa anthu ambiri. Tinali pabwalo pa amalume. Akazi awo ataona chitenje chofunda mpaka kumutu anadzigwetsa pansi, oyandikana nawo anali atayamba kale kusonkhana, ndipo amai analibe mpweya woti afotokoze. Ndinakhala tsonga. Anthu anabalalika. Gogo wina analumpha mpanda wa maluwa, ndodo yake n’kuisiya pomwepo.

Amai anandigwira kumaso ndi manja awiri. Zikhato zawo zinali zitasupuka.

Tonse awiri tinapulumuka. Ba Phiri anapulumuka, ndi chidole chomwe. Akazi a ba Mwansa anafika kwawo madzulo, ali ndi chiwaya m’manja. Ba Mwansa sanafike. Wilibala inakhala kuseri kwa nyumba ya amalume, itatsamira khoma. Maliro a ba Mwansa atatha, akazi awo anabwera kudzaitenga. Amai anali ataitsuka.

Kwa anthu tinati unali utsi umene unandikomola. Amai anandilumbiritsa kuti ndisadzauze munthu. Ankati akadziwa adzati ndi zamfiti, ndipo palibe banja lidzandifune. Ndinasunga, kupatulapo kwa dokotala ndi amuna anga. Ndinaphunzira kumwetulira m’malo moseka. Pa ukwati wanga ndinaluma tsaya mkati tsiku lonse.

Mwezi watha, iwe Taonga, unaseka mokweza koyamba. Ndinali nditakhala pamphasa, chifukwa sindikunyamula chiimire ukayamba kusewera. Apongozi anga anali pampando, akusadzula ndiwo. Unaseka, mkamwa mopanda dzino, ine n’kulephera kudzigwira. Ndinagwera cham’mbali. Iwe unagubudukira pa pilo, ukusekabe. Apongozi anakuwa.

Ndikanatha kunena kuti ndi kutopa kwa uchembere. Koma ndinaganiza za msewu wa Kafue, ine ndikuwoloka, iwe uli kumsana, wina n’kunena choseketsa. Ndinawauza zonse, kuyambira pa wilibala.

Tsopano tikamapita kusikelo amakubereka ndi apongozi, ndipo masana amandiuza kuti ndikagoneko. Koma pampopi anthu ayamba kale kundiyang’ana. Amai anga nditawaimbira foni anati, “Nenze nakufunda, mwana wanga. Wazivundukula weka.” Anadula. Mpaka lero sanaimbenso.

Iwo anandibisa kuti ndikhale moyo. Ine ndadziulula kuti iwe usadzagwe nane. Inu amene mukuwerenga, ndiuzeni: kodi ndinachita bwino?