Mumtambo Pafupi ndi Michesi

Ndege imene ndinaizolowera inali ikukonzedwa, ndiye anandipatsa ina yaing'ono, yomwe ndinali nditaiyendetsapo kamodzi kokha. Ntchito inali yotenga mayi ena a zaulimi kuti akaone ali m'mwamba minda imene madzi anakokolola ku Phalombe. Ndinakondwa, poti kwathu ndi kwa Mkhumba.

Titadutsa kwa Kaduya, chiperoni chinatsika kuchokera kuphiri. Ndisanakhote kuti ndichilambalale, tinali kale mkati mwake. Pawindo panangoti mbuu. Pansi panasowa, kumwamba kunasowanso.

Apo m'pamene thupi linayamba kundinamiza. Ndinkamva ndithu kuti ndege yapendekera kumanzere, moti phewa langa linkafuna kutsamira chitseko. Maso anathamangira pomwe pamakhala kachipangizo kosonyeza ngati mapiko ali chilunjikire, koma m'ndege iyi pamenepo panali geji ya mafuta. Nditakapeza, kankasonyeza kuti zonse zili bwino. Sindinakakhulupirire. Dzanja linapotoza chiwongolero kumanja, mtima n'kukhala pansi pang'ono, pomwe kachipangizo kaja kanayamba kusonyeza kuti tsopano tikupendekeradi. Singano yosonyeza kutalika kwathu kuchokera pansi inayamba kutsika. Injini inasintha kaliridwe.

Phiri la Michesi linali penapake pafupi. Ndinakulira ndikuliona tsiku ndi tsiku, miyala yake ndimaidziwa, koma sindikanatha kuloza komwe linali.

"Akulu, zili bwino?" anafunsa mayi aja.

"Mundilole kaye, mayi," ndinatero.

Ndinadzikakamiza kuyang'ana kachipangizoko basi, n'kumachita zimene kankasonyeza. Ndinawongola mapiko thupi lonse likukana, ngati ndikugwetsa ndege dala. Thukuta linalowa m'maso koma sindinayerekeze kuchotsa dzanja pachiwongolero. Ndinaikweza ndegeyo pang'onopang'ono, ndikuilozetsa kumpoto, kuchigwa, kutali ndi mapiri. Kangapo konse dzanja linafuna kupotozanso, ine n'kulibweza.

Mtambo utang'ambika, ndinaona malata a pa Chiringa, ndi anthu akukankha njinga m'matope. Mutu unazungulira kamodzi, kenako dziko linakhala m'malo mwake.

Mayi aja anali atatulutsa kamera koma sanajambule kalikonse. Ndinawauza kuti tibwerere, mindayo tidzaiona kunja kukayera. Anangogwedeza mutu. Titatera ndinazimitsa injini, n'kukhalabe pampando ndikuyang'anitsitsa kachipangizo kaja kuti ndisadzaiwalenso pomwe kali.