Moto umene ndinausiya m'mphako

Kuseri kwa mapiri a ku Kachebere kunali nkhalango imene bwana wina wa sitolo paboma anaibwereka kwa zaka zambiri pa lizi. Sanafune kulimamo fodya ngati anzake. Iye ankakonda agwape ndi mbawala, ndipo ankabwera ndi mfuti yake kawiri pachaka, n'kuwombera nyama imodzi kapena ziwiri, basi. Ine anandilemba ntchito yoyang'anira malowo: kuchotsa misampha ya waya, kusamala dziwe lomwe nyama zinkamwako, ndi kulambula mizere yotchinga moto udzu usanaume. Lamulo lake lalikulu linali lakuti machesi asalowe m'nkhalangomo.

Alamu anga, achimwene a mkazi wanga, bwanayo anawalola kulima mtedza m'mphepete mwa malowo. Ana awo asanu ankadalira munda umenewo. Mtedza ukamauma pamulu, agologolo ankatuluka m'nkhalango n'kumautola ngati wawo.

"Alamu," ankatero pamaso pa anthu, "kodi anakulembani ulonda wa agwape kapena ubusa wa agologolo? Ziweto zanuzi zanditha ine!"

"Mukanalima wochepa, waulesi ngati ine sadandaula," ndinkayankha choncho, tonse n'kuseka.

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuwomba, ndinaona agologolo awiri akulowa m'mphako ya mtengo wouma wa msuku. Ndinali ndekha. Ndinachita zimene tinkachita tonse kwathu: ndinatsendera udzu kubowo lapansi, n'kuyatsa, n'kudikira kubowo lapamwamba ndi chibonga. Utsi unawatulutsa, onse awiri ndinapha. Mlenje aliyense amadziwa kuti ukatero umamata mphakoyo ndi matope, chifukwa moto umatsalira m'kati. Koma dziwe linali kutali. Ndinangokankhirapo dothi ndi phazi n'kumapita.

Tsiku lachitatu masana mtengo uja unagwa, n'kudutsa pamzere umene ndinalambula ndekha. Moto unayenda mpaka kuphiri. Podzayendera m'phulusamo ndinapeza gwape wamkazi atapsera pafupi ndi dziwe.

Bwana anafika ndi kalaliki wake. Sanandikayikire ine, mlonda wake. Anangofunsa kuti, "Ndani kuno amadana ndi agologolo mpaka kuwafukizira utsi?"

"Amene amadandaula nawo ndi alamu anga," ndinatero.

Sindinaname, komanso sindinanene zoona. Kalaliki analemba zake, ine ndinadinda chala pansi pa mawu amene sindinkatha kuwawerenga. Bwana anawalanda alamu munda uja. Mvula isanagwe ananyamula banja lawo kupita kwa abale ku Zambia. Potsanzikana anandigwira dzanja nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Musamale mlongo wanga, alamu. Ziweto zanu zija ndakusiyirani." Sanaseke.

Ku sukulu ya kwacha ndinalowa imvi zitadzadza m'mutu. Anzanga ankafuna kuwerenga Baibulo ndi mauthenga a pafoni. Ine ndinkafuna kulemba kalata imodzi yokha, youlula kwa alamu za moto uja, popanda wina wondilembera. Ndinachedwa nazo zilembo, manja anali ataumira pakhasu. Pamene ndinkayamba kulumikiza mawu, uthenga unabwera kuti alamu atisiya. Tinakawaika kutsidya komweko, kutali ndi manda a amayi awo.

Kalatayo ndinailembabe. Chaka chatha ndinamuitana mkazi wanga pakhonde, n'kumuwerengera yonse. Iye ankasenda mtedza, ndipo sanasiye kusenda.

"Kodi agologolo aja anaphika ndani?" anandifunsa. "Ubweya wawo unkanunkha utsi. Achimwene ndinawauza tsiku lomwe moto unabuka. Iwo anati ndisakuululeni, chifukwa ntchito yanu ndi imene inkadyetsa ana athu."

Ndinamufunsa chifukwa chimene anakhalira chete zaka zonsezi.

"Ndinkadikira kuti munene nokha, bambo. Achimwene nawonso ankadikira."

Anathira mtedza m'lichero n'kulowa m'nyumba. Ine ndinatsala pakhonde, kalata ili m'manja.