Mfundo ya Pachitenje Chofiira

Mchombo wa mwana wanga woyamba utagwa, apongozi anatumiza uthenga kuti tisautaye. Kwawo amaukwirira ndi agogo a mwana, pakhomo pomwe anabadwira bambo wake. Amuna anga sakanachoka kuntchito, ndiye patapita miyezi itatu ndinanyamuka ndekha ku Chirimba, mwana kumsana, kulowera kumapiri a kuseri kwa Thekerani. Apongoziwo ananenapo paukwati wathu kuti atsikana a m'tauni timangodziwa kupaka milomo. Ndinkafuna aone okha.

Mchombowo ndinaukulunga m'kapepala n'kuumangirira pangodya ya chitenje chofiira. M'chikwama ndinakana, poti akuba a mu Limbe amang'amba ndi lezala. Nzeru imeneyi ndinachita kuwauza aneba onse.

Minibasi inatitula ku Thyolo, tinakwera matola. Titapitirira Makwasa msewu unayamba kupindika ngati chingwe, uku phiri, uku phompho lodzaza nthochi, madenga a malata akuoneka pansi ngati tizitsekero ta mabotolo. Mvula inali itangokata. Pachitunda china galimoto inakana, matayala akungozungulira m'matope.

"Azibambo, tsikani mukankhe!" anakuwa dalaivala. "Amayi a m'tauni khalani, nsapato zingade."

Ndinatsika dala kuti aone. Phazi lachiwiri lisanaponde n'komwe, ndinali nditakhala kale pansi, thapsa! Anthu anaseka mpaka kuiwala kukankha.

Titakweranso, mayi amene anakhala pambali panga anali ndi mwana wodwala, akunjenjemera ndi mphepo ya m'phiri. Ndinamufunditsa chitenje chofiira chija, mumtima ndikudzitama kuti ndine munthu wachifundo. Anatsika pamphambano ina. Ndinawabayibitsa ndi manja awiri.

Tinawoloka mitsinje iwiri ndisanakumbukire.

"Imani! Mchombo!"

"Wa ndani, mayi?" anafunsa dalaivala. "Aliyense muno ali ndi wake."

Ndinabwerera wapansi, nsapato kumanja, mwana akulira kumsana. Chitunda chimene galimoto inatsika mosavuta, ine ndinachikwera ndikupuma pamtengo uliwonse. Azimayi ogulitsa nthochi pamphambano paja anandilozera kanjira kotsetsereka, ati nyumba yachitatu. Ndisanaodire ndinachiona chitenje changa chili pachingwe, chochapidwa bwinobwino, ngodya zonse zinayi zomasula.

"Khalani pansi, achemwali," anatero mayi aja, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi kabokosi ka machesi. "Pochapa ndinamasula mfundo ija. Nditaona ndinadziwa kuti mubwera. Madzi osamba ndatereka kale, matope afika mpaka m'khosi."

Ndinagona komweko. M'mawa amuna awo anandiperekeza kumsewu, ndipo ndinafika kwa apongozi dzuwa lili pamutu, diresi langa lochapidwa ngati sindinagwepo. Anamunyamula mdzukulu wawo, kumuyang'ana makutu ndi zala, kenako analandira kabokosi kaja n'kutenga khasu. Anakumba patsinde pa nthochi kuseri kwa nyumba, katatu kokha, n'kukwirira. Masiku awiri panjira, ntchito yake yosakwana n'komwe kumwa kapu ya madzi.

Atatha anatembenuza kabokosi kopanda kanthu kaja m'manja mwawo, akugwedeza mutu.

"Ndinkakuyesani mwana, koma mwasunga bwino. Ena amangomanga pachitenje, n'kukataya panjira."

Ndinagwada bwinobwino, maso pansi.

"Eetu, amayi," ndinatero. "Anthu ena."