Masiku Atatu Ndikugulitsa Manachesi pa Mageti a Eni

Chaka chimene mwendo wanga unatupa ndinakhala ku Mwanza Boma miyezi inayi, kunyumba kwa mwana wanga wamwamuna, kuti chipatala chikhale pafupi. Kwathu ndi kwa Nthache, ndiye kukwera kabaza sabata ndi sabata ndi mwendo ngati mtondo sizikanatheka. Mwana wangayo amagwira ntchito ku malire, yothamanga ndi mapepala a mathiraki. Musandifunse kuti mapepalawo amatani. Ine ndimangoona akuchoka m'mawa ndi envulopu, madzulo n'kubwera ndi envulopu yomweyo. Mkazi wake, mpongozi wanga, amagulitsa kaunjika mumsika. Mwana ali ndi mmodzi, wamkazi, nthawi imeneyo anali sitandade 2.

Ana a sitandade 2 amaweruka dzuwa lisanafike n'komwe pamutu. Ife kale tikaweruka tinkangolowa m'mudzi, nyumba iliyonse ndi ya azakhali kapena ya agogo, wina akupatsa chinangwa, wina akutuma kumjigo. Ine ndinalekeza sitandade 5, osati chifukwa cha umbuli ayi, masamu ndinkakhoza, koma mtsinje unkadzaza ndipo bambo anatopa n'kundiwolotsa. Koma imeneyo ndi nkhani ina. Ku Boma nyumba ndi zalendi, woyandikana naye wa mwezi uno si wa mwezi wamawa, ndiye mwana sungangomusiya kuti anthu amuona.

Miyezi yonse ija mwanayo akaweruka ankandipeza ine pakhonde, mwendo uli pa ndowa. Vuto linabwera mwendo utaphwa. Nandolo wanga kumudzi anali atayamba kuuma, ndipo kwathu anthu akangochotsa chimanga m'munda amamasula mbuzi. Ndinawauza kuti sabata ziwiri zikatha ine ndikupita. Apa m'pamene anayamba kufunsana kuti mwana azikhala kuti, kuyambira poweruka mpaka amake atamanga mabelo madzulo. Kumsika anali atayesapo kale. Tsiku lina anamupeza pa siteji ya maminibasi akuthandiza kuitanira anthu a ku Blantyre.

Malo anapezeka awiri. Ena anali a patitayimu, kumene aphunzitsi ena achinyamata amasunga ana masana n'kumawaphunzitsa. Mpanda wa njerwa, geti lachitsulo, pakhoma anajambulapo njovu ndi zilembo. Ena anali pakhomo pa mayi wina wamasiye, kuseri kwa sukulu, amene amangosunga ana a anthu amumsika, asanu ndi atatu kapena kuposerapo pang'ono. Mwana wanga mtima unali pa njovu. Mpongozi wanga anati tikaone kaye konse.

Ndiye anapita kukaona, ine ndinatsala ndi mwana. Koma anapita mmene timapitira ife kwa anthu. Anatumiza uthenga dzulo lake kuti tibwera, anavala za kutchalitchi, mpongozi ananyamulanso paketi ya shuga, poti pakhomo pa munthu sufika chimanjamanja. Atabwerako ndinawafunsa kuti mwaonako zotani.

Mwana wanga anati, “Amayi, kuja ndi kusukulu kwenikweni. Atilowetsa mu ofesi, atipatsa zakumwa, ationetsa makope onse ochonga ndi bolopeni yofiira. Chingelezi chake mukanamva!”

Mpongozi anati, “Ine ndamva khoma likuyankhula Chingelezi. Mwana sindinamuone ndi mmodzi yemwe. Kamodzi kanasuzumira pakhomo, aphunzitsi anangoti pali alendo, kanathawa.”

Mwamuna wake anati, “Nanga kwa mayi aja munaona chiyani inu? Mbatata?”

“Mbatata munadya ndinu, zitatu.”

Kwa mayi wamasiye kuja zinali chimodzimodzi. Anasesa bwalo, anayala mphasa, ana onse anawathamangitsira kuseri kwa nyumba kuti asasokoneze alendo. Anawaphikira tiyi, anakamba za kuzizira kwa chaka chino, za maliro a sabata yatha, mpaka anapezana chibale cha ku Zobue, kutsidya kwa malire, ndi mpongozi wanga. Munthu wakupatsa tiyi ndi manja awiri, ungamufunse bwanji kuti kodi ana mumawamenya? Anatsanzikana bwinobwino n'kubwerera. Anapita kukaona kumene ana amakhala, ndipo konse kuwiri chinthu chokhacho chimene sanaone chinali ana.

Masiku awiri anangokhala akukokana. Uyu akuti Chingelezi, uyu akuti mtima wanga sunakhazikike. Ine sindinalowerere, za m'nyumba ya eni zimafuna eni. Kungoti masiku anga ankatha. Tsiku lachitatu ndinauza mpongozi kuti, “Amake mwana, mawa mumutenge uyu kumsika, mumumange pa belo ngati n'kotheka. Mundibwereke beseni lanu lija.”

Inali nyengo ya manachesi. Amene amadziwa Mwanza akudziwa kuti nyengo imeneyo nachesi amakhala paliponse, mpaka ana amaponyerana. Masiku ano mitengo yambiri inakalamba, sakubereka ngati kale, koma apobe. Ndinagula odzaza beseni, ndinavala chitenje changa chakumunda ndi mpango wothaitha, n'kukakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi geti la njovu lija. Gogo wogulitsa manachesi palibe amamuyalira mphasa. Palibenso amabisa ana chifukwa cha iye.

Zoona ndinene, aphunzitsi aja amaphunzitsa. Ana atalowa, ndinamva ndekha akuwerengetsa, akubwereza, wina akalakwa osamukalipira. Ola lathunthu, mwinanso kupitirira. Kenaka ndinaona atulutsa njinga yamoto, atseka geti, akoloweka loko wamkulu kunja, ulendo. Ndinati mwina apita kukagula choko. Dzuwa linapendeka ine ndili pompo. M'kati munali zii poyamba, kenaka timanja tinayamba kutulukira kunsi kwa geti.

“Agogo, nachesi!”

Ndinkawapatsira pansi pomwepo. Kena kanati, “Agogo, mulibe madzi? M'ndowa atha.” Ndinalibe. Kena kankalira chapansipansi cha kumanzere kwa mpanda, anzake n'kumakauza kuti ukhale chete, akabwera akumva. Aphunzitsi anabwera itatsala pang'ono nthawi yoti makolo afike, anatsegula, ndipo makolo pofika anapeza Chingelezi chili m'kati.

Mawa lake ndinapitanso, poti tsiku limodzi munthu akhoza kukhala ndi maliro kapena wodwala. Zinali zomwezo. Pafupi pamenepo pamakhala bambo wina wosoka nsapato, ndiye ndinamufunsa ngati wongocheza kuti kodi aphunzitsiwa amapita kuti. Anati ali ndi ana ena cha ku malire, amakaphunzitsanso kumeneko. Anayankha asakuyang'ana n'komwe, ali kalikiliki ndi chidendene cha nsapato. Anandiuzanso kuti manachesi anga ndi owawasa, ndinagula kwa akuba.

Tsiku lachitatu ndinakakhala m'mbali mwa njira ya kwa mayi wamasiye. Kumeneko mpanda ndi wa udzu, wogwa mbali imodzi, ndiye zonse zimaoneka. Ndinaona mayiwo akubwera kuchokera kusukulu, anakawatenga okha ana. Anapota chitenje ngati chingwe, ana onse agwirira, iwo ali patsogolo. Pamsewu waukulu, pamene pamadutsa mathiraki, anaima mpaka kunayera mbali zonse, n'kuwoloka onse pamodzi ngati bongololo.

Atafika, anati aliyense atulutse kontena yake. Ana amanyamula chakudya kuchokera kwawo, wina mpunga ndi dzira, wina mbatata, wina chimanga chokazinga, wina kontena ya mphepo yokhayokha. Mayi aja anakhuthulira zonse m'beseni limodzi, dzira analiduladula ndi supuni, n'kugawa mofanana m'timbale. Atadya anawakhazika pa chiguduli kuti azitonola chimanga chawo cha mayiwo. Buku sindinalione. Pakamwa pawo mayi amenewo, ine ndine wolongolola koma ndinagonja.

“Iwe wamphuno ngati mpopi, kamine uko! Inu abwana opinda manja, chimanga chimenecho chidzitonola chokha?”

Kamnyamata kena kanakankha mnzake, anakakoka khutu mpaka kanaimirira ndi zala. Koma pakati pa phokoso lonselo anangoti, “Mmodzi ali kuti?” asanawerenge n'komwe. Anali kuchimbudzi. Mayiwo anapita kukaima pakhomo mpaka mwanayo anatuluka, n'kumusambitsa m'manja. Ine anandiyang'ana kawiri, kachitatu anati, “Mayi, pano sagula, ndi ana a amphawi anzanu. Bwerani mudzamwe madzi muzipita.”

Madzulo ake ndinawakhazika onse awiri, mwana wanga ndi mpongozi, ndinafotokoza mmene ndafotokozeramu, osawonjezera mchere. Sindinasankhe. Mwana si wanga, ine anga ndinalera kale, ena bwino ena kaya.

Mwana wanga anayamba ndi kukwiyira ine. “Amayi, mwendo wangopola kumene mukukakhala padzuwa ngati mulibe ana? Anthu akanakuzindikirani bwenzi akuti chiyani?” Kenaka anati, “Komabe kutsekera ndi chitetezo. M'kati mwa mpanda galimoto silowa, wakuba salowa.”

Mpongozi anati, “Nanga moto?”

“Moto uchokera kuti masana?”

“Nanga njoka? Nanga akatsamwa?”

Koma mpongozinso za beseni zija sizinamukomere. “Ine ndizidzuka m'mamawa kuwiritsa dzira kuti adye ana a eni? Ndiye mwana wanga azikatonola chimanga cha munthu, ngati waganyu?”

“Mwaonatu,” anatero mwamuna wake. “Abwera ndi matuza m'manja, Chingelezi olo chimodzi.”

Anakokanabe mpaka ndiwo zinapserera. Kenaka mpongozi anatembenukira kwa ine. “Amayi, kamene kankalira kuseri kwa mpanda kaja, anakatonthoza ndani?”

Ndinati palibe, kanasiya kokha.

Sanafunsenso china. Anauza mwamuna wake kuti mwana apita kwa mayi wamasiye, ndipo ngati Chingelezi chikumuwawa, azimuwerengetsa yekha akaweruka ku malire. Mwana wanga anati chabwino, muona, ndizimuwerengetsa tsiku lililonse. Ndinamva kuti anachitadi sabata ziwiri.

Lolemba mpongozi anapita kwa mayi aja, ulendo uno osatumiza uthenga, osanyamula shuga. Anafika ana ali pa chiguduli. Ine ndinali nditamanga kale katundu wanga, ndiye anandifotokozera akundiperekeza pa siteji. Akuti anawauza maso ndi maso kuti mwana ndikusiyirani, zotonola atonole, koma khutu lake musakoke. Mayi aja akuti anayankha kuti, “Ndiye mukamuuze kuti khutulo azimvera, ine sindilifuna.” Anagwirizana pamenepo.

Mwanayo ali komweko mpaka lero, pano ali sitandade 4. Bambo ake akamadutsa pa geti la njovu amayendabe pang'onopang'ono, akuti kumvetsera. Za beseni mpongozi sanazikonde mpaka pano, amadandaula nthawi iliyonse ndikapita. Kungoti masiku ano amawiritsa mazira awiri, akuti mwina theka lingamufike mwini wake.