Makapu Ofukula Kumanda

Linali Lolemba loyamba la Febuluwale, chaka cha 2006, nthawi itangokwana naini koloko m'mawa, pamene abwana anandichotsa pageti. Ndinkagwira ntchito yaulonda panyumba ina yoonetsera zinthu zakale ku Indianapolis. Banja linali ku South Bend, ndinkapitako Loweruka lokha.

Abwanawo, mayi wachizungu waulemu wake, ankaona ngati andikomera mtima. Kunja kunali chisanu choluma, m'chipinda chatsopano chimene anandisamutsira munali motentha bwino.

M'menemo anayalamo makapu agalasi ochokera ku Mangalande, ena obiriwira, ena ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Ambiri anali osongoka kunsi, moti anachita kuwaimika pa tizitsulo. Ndinawasirira, mpaka pamene ndinawerenga kapepala kapambali. Kapu ina anaipeza pafupi ndi dzanja la mayi wina, m'manda mwake. Onsewo anali ofukula.

Bambo anga atamwalira ku Dedza, ndine ndinaboola kapu yawo ndi msomali n'kuisiya pamtumbira pamodzi ndi mbale. Timaboola kuti wina asatole. Anthu akale a ku Mangalandewanso anaika makapu kuti apite ndi eni ake. Ndiye wina n'kubwera ndi fosholo, ati papita zaka zoposa chikwi, mwini sadandaula. Kodi manda amatha mphamvu ngati mankhwala? Ine tsiku lonse chilili, kuletsa ana asukulu kugogoda magalasi, kulondera katundu wolanda kwa akufa.

Poweruka ndinawafotokozera abwana za bambo anga, mwaulemu, kuti amve chimene chikundivuta. Nkhope yawo inawala.

"Zosangalatsa bwanji! Kapuyo ikadalipo? Mukapita kwanu mudzabwere nayo, tidzaiike pambali pa awa anthu azifanizira."

Ndinatenga jekete langa n'kutuluka. Ndikadatsegula pakamwa, ntchito ikadathera pomwepo.

Nditafika ku Lawrence kumene ndinkagona, ndinayamba ndasamba m'manja pampope wapanja, monga tichitira pochokera kumanda. Kenako ndinaimbira mayi akunyumba.

"Abambo, inu dikoni wathunthu, mukuopa mizukwa ya azungu?" anatero akuseka.

"Sindikuopa. Ndikuchita manyazi."

"Manyaziwo mufunde ndiye, kunjaku kwazizira. Mukakomplena akuchotsani, mudzabwere kuntchito kwanga kuno tizidzasinthira limodzi matewera a nkhalamba."

Ankanena zoona. Ntchitoyo ndinaifunafuna miyezi yambiri, ndipo ofuna malo anga analipo. Koma mumtima ndinkangoona kapu ya bambo anga itatsukidwa, ili pa kachitsulo, nyali ikuiwalira, anthu akuloza bowo la msomali lija.

M'mawa mwake ndinavala majekete awiri ndi masokosi awiri. Ndinalawirira ku ofesi, yunifomu ili m'manja, n'kuiika patebulo pa abwana.

"Mayi, mundibwezere pageti. Apo ayi, nayi."

Anafufuta dzina langa papepala la mashifiti n'kulilemba pamzere wina. Ndinatola yunifomu ija, n'kukaima pageti.