Lamba wa bwana wa matabwa

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume. Nditalemba mayeso a Folomu 4 ndinangokhala pakhomo ku Mbedza, ndiye iwo anakandilankhulira kwa mnzawo wa kutchalitchi, a Namakhwa, amene anali ndi kashopu kokonza mawotchi, magalasi a maso, maloko ndi mabaji kuseri kwa msika wa Zomba. A Namakhwa anandiuza kuti nditambasule zala, n'kunena kuti, "Manja sanjenjemera awa. Esinati, ubwere mawa."

Anandiphunzitsa zambiri, koma ntchito imene ndinaikonda inali yobwezeretsa mtundu pa zitsulo. Mabaji ndi zitsulo zomangira lamba zimakhala ndi timaenje todzazidwa ndi utoto wolimba ngati galasi. Kachidutswa kakagamphuka, umayamba wapala m'dzenjemo ndi singano yaikulu, n'kutsukamo ndi mswachi woviika mu sipiriti. Ukatero umasakaniza guluu wa machubu awiri pa kagalasi, n'kumathiramo ufa wa penti pang'onopang'ono mpaka mtundu ufanane ndi wotsalawo. Umadontheza ndi kamtengo ka machesi, kuwambitsa moto chapatali kuti thovu liphulike, kenako kuvundikira ndi tambula kuopa fumbi. Mawa lake umakhula ndi sanipepa wonyowa, n'kupukuta ndi polishi.

Tsiku lina m'nyengo ya mvula panaima pikapu yodzaza matabwa. Munatsika bambo wina wojintcha, mmodzi wa anthu aja amagula matabwa kuphiri. Anavula lamba m'chiuno pomwepo n'kumuponya patebulo. Chitsulo chake chinali cha mkuwa, chachikulu ngati chikhatho, pakati pali mutu wa mkango, m'mbali muli mkombero wofiira. Mbali ina ya mkomberowo inali itachoka.

"Ndikumufuna mawa lambayu," anatero. "Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga, nkhoswe ndine. Ndiyenera kukaoneka."

"Chinagwa pansi, bwana?" anafunsa a Namakhwa.

Bamboyo anaseka mpaka mimba kugwedera. "Kugwa ayi. Chinagunda chinthu cholimba."

Atapita, a Namakhwa anandipatsa ine ntchitoyo. Lambayo ankanunkha thukuta ndi mowa, koma zimenezo ndinali nditazolowera. Nditalowetsa singano m'dzenje muja ndinapeza zouma zakuda, zosafanana ndi dzimbiri. Ndinathira sipiriti n'kupukuta ndi thonje, thonjelo linasanduka lofiirira. Nditapalanso, kunsonga kwa singano kunatuluka tsitsi, lomatirira ku kachikopa kakang'ono. Pa tsitsilo panali patakulungika ulusi wa meshi, uja timaluka kumutu akazife.

Ndinathamangira kungalande kuseri kwa shopu, ndinasanza tiyi yense wa m'mawa. Ndinasamba m'manja ndi sopo wochapira mpaka zala kuyera, koma fungo lija linali m'mphuno.

Nditabwerera ndinaonetsa a Namakhwa thonjelo. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako analiponya mubini.

"Ife timakonza zitsulo, Esinati. Za m'nyumba n'za eni ake."

"Ndiye tichikongoletse chinthu chimene ang'amba nacho munthu mutu?"

"Waona munthu iwe? Tsuka, uthire guluu."

"Ine ayi, abwana. Chimenechi sindichikhudzanso."

Anandiuza kuti pa ntchito sasankha ngati pa kaunjika. Anakoka mpando wanga n'kukhalapo okha. Anasakaniza guluu, kufiira kwake kunafanana ndendende, anadontheza mwaluso lawo lonse lija, uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Luso limene ndinkalisirira tsiku ndi tsiku linandinyansa tsiku limenelo.

Mawa lake bamboyo sanabwere. Anatuma mkazi wake. Anali mayi wamng'ono thupi, wovala bwino, duku atalitsitsa mpaka m'nsidze. Pamwamba pa khutu la kumanzere dukulo linali lotukuka, pulasitala akuonekera pansi pake. Anatchula dzina la amuna awo motsitsa mawu. A Namakhwa anatulutsa lambayo akunyezimira. Mayiwo anatembenuza chitsulocho, n'kupititsa chala pamalo okonzedwa paja.

"Mwakonza bwino," anatero. "Akhala akulalata kuti ndinawaonongera ndine. Mwina mtima wawo ukhala pansi."

A Namakhwa anakulunga lambayo m'nyuzipepala osadzutsa mutu, nati, "Zikomo mayi, muwapatse moni bwana."

Moni. Ndinatenga chikwama changa n'kutuluka. Mayiwo ndinawapeza akuyandikira kudepoti, mvula ikuwaza.

"Amayi, pepani. Ndinayamba kutsuka chitsulocho ndine. Ndinaona zimene zinali mkatimo."

Anaima, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati wina akutimvera.

"Ndinagwa kubafa, mwana wanga."

"Kubafa kulibe mkango, amayi."

Ndinawauza kuti kupolisi kuli ofesi yomva nkhani zoterezi, ndipo ngati akuopa ndikhoza kuwaperekeza pompo. Anapukusa mutu.

"Lero ayi. Ndili ndi achimwene ku Jali. Ndakhala ndikuganiza."

Anandigwira dzanja mwamphamvu, kenako anakwera minibasi, phukusi lija lili pamiyendo. Sindinawaonenso. Bambo uja ndinkamuonabe m'tauni ndi pikapu yake, mkango ukuwala pamimba, anthu akumupatsa moni ndi manja awiri.

Kushopu sindinabwerere. Malume anakalipa kuti ndawachititsa manyazi kwa mnzawo. Nditawafotokozera za tsitsi lija anasiya kukalipa, koma Lamulungu lotsatira ndinawaona atakhala benchi imodzi ndi a Namakhwa monga mwa masiku onse.

Lero ndili ndi tebulo langalanga pakhonde la sitolo ina, ndipo munthu akabweretsa chinthu ndimayamba ndafunsa kuti chinathyoka bwanji, n'kudikira yankho ndikumuyang'ana kumaso. Ambiri amangoseka, n'kundiuza za mwana wosamva kapena njinga. Chaka chatha bambo wina anabwera ndi magalasi achizimayi, opindika pakati, diso limodzi litasweka. Anati akazi awo anawagonera. Ndinamubwezera m'manja.

"Abwere eni ake," ndinatero. "Ndiyenera kuwayeza kumaso."